Ndani Anatsitsa Nsanja ya kwa Sandvik?

Royce Pavlish, wotola zitsulo zakale, anamutsekera m'chitokosi cha polisi Lachinayi madzulo, ndipo pofika Lachisanu m'mawa tauni yonse ya Meader inali itamuweruza kale. Ine ndinazimva kwa Bonnie, mwini kantini, ndikudikira khofi ndisanayambe ulendo wanga wa makalata.

"Sunamve, Lorna? Makina a mphepo opangira magetsi aja a kwa Sandvik apita. Nsanja anaipeza itagona pansi, mutu kulibe, mapiko onse atatu kulibe."

Khofi uja sindinamumwenso. Ndanyamula makalata pa msewu wa Dry Fork zaka makumi awiri ndi zitatu, ndipo famu ya a Orville Sandvik ndi yomaliza, kumene mawaya a magetsi sanafikeko ndipo sadzafikako. Makinawo madalawo anapanga okha. Mapiko anasema ndi manja, waya anakulunga patebulo la kukhitchini, maginito anamata pa mbale ziwiri zachitsulo. Kale ankangoyatsira mababu ndi firiji. Koma chaka chatha mapapo anawakanika, ndipo tsopano ankapumira makina a mpweya amene safuna kuzima ngakhale ola limodzi. Dokotala anawalola kukhalabe kwawo pa chifukwa chimodzi chokha: magetsi awo anali asanazimepo.

"Ndiye akupumira chiyani?" ndinafunsa.

"Mabatire. Akuti afika nawo Lamlungu akamasamala. Lamlungu lomwelonso ndi pamene chipale chofewa chikugwa, wailesi yanena. Msewu wanu ujatu ukatsekeka umatseka sabata."

"Jenereta ali nayo."

"Ija imatsokomola kuposa eni akeyo? Iwalako. A Garth Meidinger awapezera kale bedi ku nyumba ya okalamba, mawa m'mawa akukawatenga. Koma anthu ena Mulungu anawalenga bwino, iwe. Ngakhale lero andikwiyitsa. Abwera kudzamenya chitseko ndisanatsegule, ati ndachedwa, akundiloza kawotchi ka malemu bambo awo kaja. Ine kuyang'ana foni, kwatsala mphindi makumi awiri zathunthu. Chikhalirecho dzulo lomweli anandikonzera wotchi yapakhoma potengera kawotchi komweko."

Zimenezo zinalowera khutu ili n'kutulukira linali. Maganizo anga anali kwa a Orville. Ndinkadziwa kuti akangowatulutsa pa famu paja, sadzatha mwezi.

* * *

Wapolisi wathu ndi Kip Dukart. Ndinamudziwa akadali wa matewera, ndiye yunifolomu yake sindiiopa kwenikweni.

"Nkhani yatha iyi, anti," anatero asanandipatse ndi mpando womwe. "A Sandvik ndi mayi anapita kuchipatala 8 koloko, anabwerako 4 koloko. M'shedi ya mabatire muli mita imene imalemba magetsi olowa. Yalemba kuti magetsi analeka kulowa 11:40. Royce wavomera yekha kuti nthawi imeneyo anali ku Dry Fork ndi lole yake, akutola zitsulo. Ndipo mukudziwa chimene anakhalira kundende."

"Waya wa kopa. Zaka khumi zapitazo."

"Dzanja ndi lomwelo."

"Makinawo wawapeza?"

"Anawabisa penapake. Anena."

"Ena wawafunsa?"

"Kulibe ena. Oweta ng'ombe onse anali pa msonkhano kwa Bonnie mpaka 12 koloko. A Meidinger anandiwerengera okha mayina onse ndisanawafunse n'komwe."

"Bwana Kip, mita yakoyo ikunama."

Anaseka, koma ine sindinaseke. Ndinamuuza kuti Royce ndinakumana naye pa mlatho cha m'ma 11:50, akulowera kutauni, tinaimikirana manja. Pa bokosi la makalata la kwa Sandvik ndinafika 12:15, monga masiku onse, ndipo mapiko anali akuzungulira pa phiri paja.

"Anti, tsiku ndi tsiku mumaona zomwezo. Maso amazolowera. Mwina mukukumbukira Lachitatu."

"Lachitatu mphepo sinandilande kalata m'manja. Dzulo inandilanda. Ndinaithamangira mpaka pa mpanda, buluku n'kukola pa waya wamingaminga. Ndinaima pomwepo n'kutukwana makinawo ndikuwayang'ana, ngati kuti mphepoyo amapanga ndi iwo. Ukufuna uone pong'ambikapo?"

Sanafune. Anakanda m'mutu, nati ku khoti amakhulupirira mita, osati buluku. Komabe anandilola kuonana ndi Royce.

Ndinamupeza atagona chagada pa benchi, chipewa chili kumaso.

"Mayi Hetland. Mwandibweretsera kalata?"

"Unatenga makina aja, Royce?"

Anachotsa chipewa pang'onopang'ono. "Mayi, ine ndikamaba ndinkaba ngati wakuba. Ndikanadula chingwe cha kopa chija, ndikanasenza mabatire. Mapiko a matabwa ndikagulitsa kwa ndani? Kwa mbalame?" Anakhala tsonga. "M'dera lonse lino madala aja okha ndi amene amandimwetsa khofi m'nyumba. Ena onse amandipatsira pakhonde, dzanja lina lili pa chitseko. Muwauze kuti si ine. Enawo asiyeni."

* * *

Nyumba yoyandikira kwambiri kwa Sandvik ndi ya mayi Ione Vasek, a zaka makumi asanu ndi atatu, amene adana ndi makina aja kuyambira tsiku limene anaimikidwa. Makutu awo amamva mbewa ikuyenda m'khola, koma maso anatha. Ndinawalowetsera makalata m'nyumba dala.

"Iwe Lorna, tseka chitsekocho, ukundithera moto. Wabwera kudzandifunsa za chimphepo chija eti? Kip sanabwere. Akuti gogo wosaona anganene chiyani."

"Ndiye munamva chiyani?"

"Ndinamva chete. Zaka makumi awiri chikungoti fuu, fuu, fuu, ngati munthu akupeta m'mutu mwanga. Dzulo ndangomaliza kumvera mitengo ya ng'ombe, ndatseka wailesi, ndikumva chikuchepa, chikuchepa, kenaka zii. Ndinati Ambuye, mwachedwa koma mwayankha."

"Mitengo ya ng'ombe ya m'mawa kapena ya masana?"

"Ya m'mawa ndimamvera ine? Ndimakhala ndikupemphera. Ya hafu thwelofu. Imatha mphindi khumi."

12:40. Ola lathunthu pambuyo pa nthawi ya Kip.

"Galimoto simunaimve?"

"Iwe unadutsa ndi chigalimoto chako cholira ngati mbuzi chija, usanathe n'komwe kutukwana. Pambuyo pako kumsewu sikunadutse kanthu. Koma kuseri kunadutsa. Galimoto yokoka ngolo ya ng'ombe, yopanda kanthu, chifukwa inkangoti gwedegwede. Pobwerera sinkagwedera kwambiri."

"Njira yakuseri, yodzera kubusa?"

"Kuli inanso? Ndipo inaima pageti, injini ikulira, monga amachitira munthu akamatsegula loko. Sanaphwanye. Kuphwanya ndikanamva."

Geti limenelo ndikulidziwa. Lili ndi makiyi awiri okha.

* * *

Kwa Sandvik ndinapeza mayi Marlys akupinda malaya a amuna awo n'kumaika m'sutikesi, maso ali psuu. Mababu onse anali ozimitsa, firiji atazimitsanso. M'nyumba monse munkangomveka makina a mpweya. A Orville anali pa mpando wa pawindo, kapaipi kali m'mphuno, akuyang'ana phiri lopanda kanthu.

"Lorna," anatero. Amalankhula modukizadukiza, mawu atatu n'kupuma. "Wabwera kudzatsanzika?"

"Ndabwera kudzaona mita."

Mayi Marlys anandiperekeza ku shedi. Mita ija inali pakhoma pamwamba pa mabatire, ikuonetsa 11:25. Ndinatulutsa foni. 12:25.

Titabwerera m'nyumba ndinawafunsa madalawo. Anayesa kuseka, kuseka n'kusanduka chifuwa.

"Boma likamati sunthani mawotchi... ola limodzi kutsogolo... nyengo yotentha... ine sindisuntha. Asunthe awo. Mphepo sidziwa zimenezo."

"Kip munamuuza?"

"Sanafunse."

Ndiye makina anaima 12:40, Royce ali kale kutauni, ndipo msonkhano wa kwa Bonnie utatha kale. Kuchokera kutauni kufika kuno ndi mphindi makumi anayi. Ndimayenda ulendo umenewu tsiku lililonse.

"Bambo Orville, mapiko anaimitsidwa bwanji? Mayi Vasek akuti anachepa pang'onopang'ono."

"Buleki. Sungatsitse nsanja... mapiko akuzungulira. Akudula pakati."

Mayi Marlys ndi amene anandifotokozera zotsalazo. Buleki yake ndi kaswichi kosalembedwa kanthu, kuseri kwa chitseko cha shedi, pansi pa chijasi chakale. Anakapeza katatsitsidwa. Nsanja sinagwe, inatsitsidwa ndi chopukusira chingwe n'kugonekedwa bwinobwino pa chogonera chake. Mawaya sanadulidwe, anamasulidwa, nsonga zake n'kuzikulunga ndi tepi.

"Wakuba waulemu," ndinatero. "Amadziwa za swichiyo ndani?"

"Ife awiri. Mwana wathu Karin, koma ali ku Seattle." Mayi Marlys anaima kaye. "Ndi a Garth. Amatithandiza kutsitsa nsanja chaka chilichonse tikamapaka girizi."

"Kiyi wachiwiri wa geti lakuseri ali ndi ndani?"

"Ayi, Lorna. Usayerekeze. Amadyetsa ng'ombe zawo kubusa kwathu, n'chifukwa chake ali ndi kiyi. Munthu amene uja amatigulira zinthu kutauni. Abambowa atagonekedwa, ankabwera kudzandiwazira nkhuni. Ndi mkulu wa mpingo."

"Sanafunsepo za malo ano?"

Anayankha ndi a Orville, osachotsa maso pawindo.

"Katatu. Akufuna kasupe. Zitsime zake... zikuuma."

Komabe zonsezi sizinali umboni. Kiyi munthu amabwereka, swichi munthu amaipeza. Kip sakanamanga mkulu wa mpingo chifukwa cha makutu a gogo ndi buluku langa. Ndinabwerera ku shedi ndekha, osadziwa chimene ndikufuna. Ndinayang'ana pansi, pa mashelefu, kuseri kwa chitseko. Pa msomali wina panali mawotchi awiri a padzanja, akale, ochita kupukusa, atachita fumbi. Ndinawatenga n'kulowa nawo m'nyumba.

"Awa anafa?"

"Sanafe. Anapenga," a Orville anatero. "Maginito. Ukakumbatira mutu uja... wotchi ili padzanja... imayamba kuthamanga. Siibwereranso. Awiri anandiphunzitsa."

"A Garth amadziwa zimenezo?"

"Garth amangogwira chopukusira. Mutu sanaukhudzepo. Sindilola munthu."

Ndinakhala pansi. M'mutu mwanga munali Bonnie, akudandaula za munthu womenya chitseko nthawi isanakwane.

"Mayi Marlys," ndinatero, "a Garth anati abwera nthawi yanji mawa?"

* * *

Loweruka kunacha mitambo yakuda itaunjikana kumpoto. Ine ndi Kip tinafika 9 koloko. Kip anabwera monyinyirika. Za mita anavomera atadzionera yekha, za wotchi anati ndi nkhani za m'kantini. Galimoto yake anaiimika kuseri kwa khola monga ndinamupemphera, iye n'kukhala pakona ya khitchini ndi kapu ya khofi.

A Garth Meidinger anafika ndi minibasi ya mpingo. Munthu wamtali, wometa bwino, wa mawu ofewa ngati akutonthoza ofedwa. Ataona Kip anadodoma pang'ono, kenaka anamwetulira.

"Mwana wathu, uli pantchito ndithu. Mayi Hetland, mwadzuka? Achimwene Orville, Ambuye akatseka khomo lina amakhala ali ndi cholinga. Chipinda ndakupezerani chabwino, chili ndi windo loyang'ana kumunda wa maluwa. Za ng'ombe ndi za malo musadere nkhawa, tidzakambirana mukakhazikika. Tiyeni tinyamuke nyengo isanaipe."

"Nthawi ili bwanji kodi, a Meidinger?" ndinafunsa.

Anapinda mkono monyadira, monga amachitira nthawi zonse. "10:30."

Kip anayang'ana foni yake. "Ndi 10 koloko ndendende."

"Aa, yayamba kuthamangira masiku ano. Ikufuna kutsukidwa. Ndi yakale, ya malemu bambo."

"Masiku ano kuyambira liti?" ndinatero. "Lachinayi m'mawa munakonzera Bonnie wotchi yapakhoma. Lachisanu m'mawa munamumenyera chitseko kusanakwane. Chinachitika n'chiyani pakatipo?"

"Sindikumva kumene mukulowera, mayi."

A Orville anatulutsa kampasi yaing'ono m'thumba la malaya n'kuiika patebulo. Singano yake inagwedezeka, n'kukhazikika kuloza kumpoto. Anatenga wotchi ya akazi awo, naiyandikiza. Singano sinasunthe. Anatenga imodzi mwa zopenga zija, naiyandikiza. Singano inatembenuka n'kuitsatira ngati galu.

"Bweretsa yako, Garth."

"Achimwene, izi ndi zamasewera. Nthawi ikutha."

"Vulani wotchiyo, a Meidinger," Kip anatero. Anali ataika kapu pansi.

Anaivula. Kip anaitenga n'kuiyandikiza pa kampasi, ndipo singano inazungulira n'kuima italoza wotchiyo. Anaisunthira kumanzere, singano n'kupita kumanzere.

"Maginito ali paliponse," a Garth anatero. "M'mawailesi, m'mathirakitala. Ndipo ine 11:40 ndinali kwa Bonnie, pamaso pa anthu khumi ndi awiri."

"Mita ija ili m'mbuyo ndi ola," Kip anawauza. "Makina anaima 12:40. Munali kuti 12:40?"

"Ndinakayendera ng'ombe."

"Ku busa liti? Munakoka ngolo? Chifukwa pali amene anaimva ikulowa pa geti lakuseri yopanda kanthu, n'kutuluka yolemera. Ndingakaione ngoloyo?"

"Ubwere ndi kalata ya ku khoti, mnyamata iwe." Mawu ofewa aja anali atatha. "Bambo ako ndinawanyamula ine pa maliro. Lero ukundifunsa ngati wakuba chifukwa cha mayi wa makalata ndi chidole cha ana?"

Kalata ya ku khoti Loweruka. Tonse tinadziwa tanthauzo lake: Lolemba, msewu utatsekeka, mabatire atatha. Kip anandiyang'ana. M'khitchini munangotsala phokoso la makina a mpweya.

Kenaka a Orville analankhula, motsitsa, ngati akufunsa za mwana wodwala.

"Garth. Chinyontho chikalowa m'maginito aja... achita dzimbiri. Atupa. Sakonzekanso. Unawafunditsa?"

A Garth anayang'ana pansi nthawi yaitali.

"Ali m'nkhokwe ya tirigu," anatero. "Pouma. Mapiko ndinawakulunga m'mabulangete."

Mayi Marlys anagwira m'mphepete mwa tebulo.

"Sindinafune kuwononga kanthu," a Garth anapitiriza, tsopano akulankhula mothamanga. "Mlongo, mundimvetse. Akanafera kuno nyengo yozizira ino, inu muli nokha. Munthu wodwala chonchi sakhala kutchire. Ndimafuna kuwapulumutsa."

"Kasupe uja mumafunanso kumupulumutsa?" mayi Marlys anafunsa. Sanakweze mawu. "Ndazimitsa firiji, ndakhala masiku awiri ndikuwerenga kupuma kwa mwamuna wanga. Inu munabwera Lachinayi madzulo n'kundigwira dzanja, n'kupemphera nane m'khitchini muno. Mwana wa eni ake ali m'chitokosi. Tulukani m'nyumba mwanga."

Kip anawatsegulira chitseko. Sanawamange maunyolo, koma minibasi ya mpingo inatsala pabwalo.

* * *

Ndinaimbira Bonnie, ndipo kuimbira Bonnie ndi kuimbira dera lonse. Pofika 1 koloko pa phiri la kwa Sandvik panali magalimoto khumi ndi anayi. Amuna omwe aja amene dzulo lake ankati Royce anabadwa wakuba anabwera ndi zingwe, majeke ndi masipanala, osayang'anana m'maso. Kip anabwera ndi mutu wa makina pa galimoto ya polisi, atauzinga ndi matayala akale. Pambuyo pake panali lole ya Royce, amene Kip anali atamutulutsa m'chitokosi, mapiko atatu ali m'mabulangete.

Royce anatsika osapatsa moni aliyense. Anapita molunjika ku pikapu imene a Orville anakhalamo, botolo la mpweya lili pamiyendo, windo lili lotsitsa.

"Madala."

"Wachedwa," a Orville anatero. "Vula wotchi."

"Ndilibe."

"Ndiye mutu ugwira ndiwe."

Anthu onse anamva. Zaka makumi awiri palibe amene analoledwa kukhudza mutu umenewo.

Mphepo inali itayamba kuluma. Royce ndi amuna awiri anakweza mutu n'kuulowetsa pa nsonga ya nsanja yogonayo. Mayi Marlys analumikiza mawaya okha, magalasi ali pamphuno, chifukwa ndi iwo amene ankadziwa mtundu uti upita pati. Mapiko anali ndi manambala amene a Orville anawotcha ndi chitsulo chamoto, lililonse ndi malo ake. Titafika pa phiko lachitatu, bawuti imodzi panalibe. Tinakutumula mabulangete, tinakwawa m'udzu, osaipeza. Wina anati timange ndi zinayi zomwezo.

"Zisanu," a Orville anatero pawindo. "Zinayi... liuluka."

Royce anakwera pa lole yake n'kuyamba kuvundukula zitsulo. Tinkangomva kuphokosera. Patapita kanthawi anatsika ndi chidutswa cha makina akale omangira udzu, namasulapo bawuti, naipukuta pa buluku, naiyesa. Inalowa ngati inabadwira pomwepo.

"Zinyalala zanga zija," anatero, osayang'ana munthu.

Kuimika nsanja kumafuna bata, ndipo bata panalibe. Tinagawana: anthu atatu pa chingwe cha kum'mawa, atatu cha kumadzulo, Kip ndi Royce pa chopukusira. Ine anandiika pakati kuti ndizibwereza mokweza zimene a Orville akunena, poti mawu awo sakanafika.

"Pukusani. Pang'ono. Kumadzulo masulani. Pukusani."

Nsanja inadzuka, kutalika kwake ngati mitengo itatu yolumikiza, mapiko ali duu chifukwa cha buleki. Itafika pakati, pamene imalemera kwambiri, mphepo inabwera ndi ukali kuchokera kumpoto chakumadzulo. Nsanja inapendekera kum'mawa. Chingwe cha kumadzulo chinakoka amuna atatu aja, nsapato zikukhwekhwereza m'dothi, mmodzi n'kugwa.

"Gwirani!" ndinakuwa, osadikira a Orville.

Bonnie anataya fulasiki ya khofi n'kudziponya pa chingwe. Mayi Marlys anagwira kumbuyo kwake. Wina anathamanga n'kukulunga nsonga ya chingwe pa chitsulo cha kutsogolo kwa thirakitala. Nsanja inanjenjemera, inalira, n'kuima.

"Musaime pakati," a Orville ananong'ona. "Pukusani. Msanga."

Kip ndi Royce anapukusa ngati amisala, mapewa akugundana. Nsanja inakwera, inakwera, mpaka inaima chilili, ndipo zingwe zonse zinayi zinakungika. Amuna anathamangira kukamanga. Chipale choyamba chinali chitayamba kuwaza, tating'onoting'ono touma ngati mchere.

Palibe amene anafuna kukhudza swichi. Tinayendetsa pikapu mpaka pakhomo la shedi, ndipo Royce ndi Kip anawagwira madalawo m'khwapa, ine nditanyamula botolo pambuyo. Anthu anadzazana pakhomo, ena akusuzumira pawindo. A Orville anakankha chijasi chija, napuma kawiri, nakweza kaswichi.

Poyamba panalibe kanthu. Kenaka kunja wina anati, "Ayamba." Phiko limodzi linatsika, lina n'kukwera, mwaulesi, kenaka mofulumira, mpaka atatu aja anasanduka chinthu chimodzi chozungulira. Manambala a pa mita anadumpha. Awiri. Asanu ndi anayi. Makumi awiri. Makumi atatu ndi asanu.

Chisangalalo chake sindinachionepo ku Dry Fork, ngakhale pa ukwati. Amuna akuluakulu ankamenyana pamsana, mahutala a magalimoto akulira, Bonnie akulira misozi kwinaku akutukwana chikhatho chimene chingwe chinamusupula. Mayi Marlys anathamangira m'nyumba n'kuyatsa chilichonse: mababu onse, firiji, wailesi, ngakhale makina ochapira opanda chovala m'kati. Mmodzimmodzi, amuna aja anapita kwa Royce kukamugwira chanza. Iye ankangolandira, nkhope ili gwa, mpaka mayi Marlys anatuluka n'kumukoka mkono, kuti akhale woyamba kulowa kukadya.

Chipale chinagwa masiku atatu, msewu unatsekeka masiku asanu ndi limodzi. Nkhani ya a Garth inapita ku khoti la ku boma, ng'ombe zawo anazichotsa kubusa kuja mwana wawo, ndipo mpingo unasankha mkulu wina mosachita phokoso.

Tsiku lachisanu ndi chiwiri ndinafika kwa Sandvik ndili pambuyo pa galimoto yokankha chipale, ndi makalata a sabata yonse. M'nyumba munali mofunda moti ndinavula jasi. Mayi Marlys anandilozera ku chipinda chogwiriramo ntchito. Kapaipi ka mpweya kanali katadutsa m'khonde monse, atakalumikiza kawiri kuti katalike, ndipo kumapeto kwake kunali a Orville, ataweramira thabwa lalitali la mkungudza, tizipalapala tili mbwee pansi.

"Mapiko aja awonongeka?" ndinafunsa.

"Ali bwino. Awa ndi ena." Anapuma. "Royce amakhala mumdima... m'kalavani muja. Pa chitunda chabwino chonchija. Mphepo ikungopita pachabe."

"Dokotala anati muzipumula."

"Ndipumula. Atatu akakwana." Anandikankhira nsonga ya thabwa. "Ika makalatawo pansi, Lorna. Gwira apa. Usagwedeze."

Ndinaika makalata pansi, n'kugwira.